Ulimbo Ulibe Zala: Kodi Chi Sau Timutchule Bwanji m'Chichewa?

Tsiku lina masana pa Chiosya, m'boma la Mchinji, ndinapeza anyamata awiri kuseri kwa chigayo ataima moyang'anana, mikono itakhudzana. Wachitatu anali ndi foni, akuonera kanema n'kumawalangiza kuti: "Matanani! Akuti manja omata!" Atangomva zimenezo, wina anagwira dzanja la mnzake zolimba ngati wagwira wakuba nkhuku, ndipo masewero aja anasanduka kukokana. Chimene chinawasocheretsa ndi mawu amodzi: kumata.

Ankayeserera dan chi sau, phunziro la oyamba kumene mu Wing Chun, mtundu wina wa kung fu. Ambiri kuno luso limeneli tinalidziwira m'makanema a Ip Man, amene woyamba wake anatuluka mu 2008. Ip Man weniweniyo anabadwira ku Foshan mu 1893, n'kukaphunzitsa ku Hong Kong mpaka imfa yake mu 1972, ndipo Bruce Lee anadutsa m'manja mwake. N'chifukwa chake mayina a lusoli ali m'Chikantoni, chiyankhulo cha kumeneko. Dan ndiye kuti chimodzi, ndipo mawuwa savuta. Ovuta ndi awiri enawo.

Tiyambe ndi chi. Womasulira kuti "kumata" sananame, koma kwathu kumata ndi ntchito ya mphamvu: timamata nkhokwe ndi dothi, timamata chubu cha njinga ndi guluu, ndipo chomatidwa sichisunthanso. Mnyamata akamva mawuwa amapana, amakanikiza, amaumitsa phewa. Komatu chilembo cha Chitchaina cha mawu amenewa chimatanthauzanso ulimbo, womwewu ana amatchera mbalame. Ulimbo ulibe zala. Suthamangira mbalame ndipo suifinya. Mbalame ikasuntha mwendo, ulimbo umatanuka n'kutsatira osalekana nayo. Mkono wa wophunzira uyenera kukhala wotero: wokhudza nthawi zonse, wosagwira, wosakankha.

Nanga sau? Mawu amenewa amatenga dzanja ndi mkono pamodzi, pamene Chichewa chimasiyanitsa ziwirizi. Tikati "manja", maganizo a wophunzira amathamangira kuzala ndi kuchikhatho. Koma osewera amakhudzana pamkono, chapafupi ndi polumikizira dzanja, ndipo chiwongolero chonse chili pachigongono. Mawu oyenera apa ndi mkono.

Onani mmene phunziroli limayendera. Wina amatambasula mkono chikhatho chili chagada, ndiye tan sau. Mnzake amasanjika mkono wake pamwamba, dzanja litaweramira pansi, ndiye fook sau. Woyambayo amatumiza chikhatho kutsogolo, wachiwiri n'kutsitsa chigongono kuti chikhathocho chisafike, kenaka n'kuponya chibakera. Woyamba uja amatukula chigongono ngati phiko, ndiye bong sau, ndipo onse amabwerera poyambira. Palibe wopambana kapena wogonja. Woyamba kumene asunge chigongono kutsogolo kwa thupi, motalikira nthiti ngati kukula kwa chibakera chimodzi. Phewa likhale lomasuka. Asayambe kuyankha mnzake asanasunthe, chifukwa akatero ndiye kuti akuloweza ndondomeko chabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Liwiro limabwera lokha pambuyo pake.

Cholinga cha zonsezi n'chakuti khungu lizindikire kumene mphamvu ya mnzako ikulowera maso asanaone. Apa Chichewa chili ndi chuma. Mneni wakuti "kumva" amagwira ntchito kukhutu, pakhungu ndi m'mutu momwe: timamva mawu, timamva kutentha, timamva nkhani. Tikaphatikiza -an- tipeza "kumvana", zochitika pakati pa anthu awiri osakangana. Choncho ine ndikuti chi sau akhale "kumvana mikono", ndipo dan chi sau akhale "kumvana kwa mkono umodzi". Mnyamata wouzidwa kuti "mumve mnzako" sangamupane.

Sindikunena kuti chilichonse timasulire. Tan, bong ndi fook ndi mayina, ndipo akhale choncho kuti wophunzira wa ku Mchinji akakumana ndi mphunzitsi ku Lusaka kapena ku Johannesburg amvane. Mpira wamiyendo unatiphunzitsa kale zimenezi: penate ndi kona tinabwereka, koma kuchinya n'kwathu. Dzina tibwereke, malangizo akhale m'chiyankhulo chimene thupi limamva msanga. Mwinanso kumasulira kumaposa dzina lobwereka. Kaimidwe ka miyendo ka Wing Chun kali ndi dzina lalitali, yee jee kim yeung ma, ndipo mkati mwake muli mawu akuti kupana mbuzi. Mwana aliyense wa pa Chiosya amene anagwirako mbuzi pakati pa mawondo adziwa pompo kuti mawondo alowe m'kati, zala za kumapazi ziyang'anane.

Chodandaulitsa n'chakuti mawuwa akutifika atadzera m'Chingerezi, ndipo panjirapo ulimbo uja umatayika. Dziko lathu linali ndi Chichewa Board kuyambira 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, amene anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Koma mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, zimene zimauza mwana kuti nzeru zatsopano sizikwana m'chiyankhulo cha amayi ake. Komabe ku Blantyre, pa Amitofo Care Centre, ana a Chimalawi akhala akuphunzira kung fu ndi Chitchaina kwa zaka zambiri. Anthu odziwa Chichewa ndi Chitchaina alipo, ndipo angathe kutimasulirira mwachindunji.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a masewerowa, kwa omasulira makanema ndi kwa akatswiri a ku Zomba: khalani pansi limodzi, sonkhanitsani mawu amene osewera akugwiritsa kale ntchito, ndipo muwayese pathupi musanawalembe m'buku. Ndipo iwe wophunzira, ukaima ndi mnzako mawa, masula zala, tsitsa phewa, umve mkono wake.