Dzina lolowera ndi mawu achinsinsi pa tsamba la pa intaneti: mmene dongosololi limapangidwira

Tsamba la pa intaneti limene limasunga zinthu za anthu, monga magiredi a ana asukulu kapena ndalama za mamembala a bungwe, liyenera kudziwa amene akulowa. Njira yofala ndi ya login: munthu amalemba dzina lolowera ndi mawu achinsinsi, amene pa Chipwitikizi amati senha. Dongosololi lili ndi fomu yolembetsera, fomu yolowera, ndi database, komwe kumasungidwa mayina a olembetsa.

Kasungidwe ka mawu achinsinsi

Lamulo lalikulu ndi lakuti mawu achinsinsi asasungidwe mmene mwiniwake wawalembera. Seva imawadutsitsa m'masamu otchedwa hash, amene amawasandutsa mzere wa zilembo ndi manambala wosatheka kuubwezeretsa, monga ufa sungabwerere kukhala chimanga. Munthu akamalowa, seva imachita masamu omwewo pa zimene walemba n'kuyerekezera ndi zimene inasunga. Zikafanana, amalowa.

Masamuwa asanachitike, pa mawu a aliyense amawonjezerapo zilembo zongosankhidwa mwachisawawa, zotchedwa salt. Motero anthu awiri osankha mawu ofanana amakhala ndi hash yosiyana.

Kunyalanyaza zimenezi kwapweteketsa anthu ambiri. Mu 2009 akuba anatenga mawu achinsinsi oposa 32 miliyoni a kampani ya RockYou, amene anasungidwa osabisa. Mu 2012 hash pafupifupi 6.5 miliyoni za LinkedIn zinatayidwa poyera, ndipo zambiri zinamasulidwa msanga chifukwa zinalibe salt.

Wopanga tsamba asapeke njira yakeyake. Pali bcrypt, ya mu 1999, ndi Argon2, imene inapambana mpikisano wa akatswiri mu 2015. Zonsezi anazipanga kuti zizichedwa dala, wakuba asathe kuyesa mawu mamiliyoni pa nthawi yochepa. Mu PHP, ntchitoyi imachitika ndi password_hash ndi password_verify.

Chitetezo china

Tsamba liziyenda pa HTTPS kuti mawu asawerengedwe panjira. Wolakwitsa kangapo motsatizana aimitsidwe kaye, ngati mmene makina a banki amachitira ndi PIN. Woiwala mawu ake atumiziridwe linki kapena nambala ya pa SMS yogwira ntchito kamodzi kokha, kwa mphindi zochepa, kuti asankhe atsopano.

Tsamba likakutumizirani mawu anu akale mutaiwala, dziwani kuti limawasunga m'njira yoti angathe kuwerengedwa. Mawu amenewo musawagwiritsenso ntchito kwina kulikonse.