Malamulo a Citaganya ndi Anthu a m'Makomboni a Lusaka

Pa zaka khumi za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, munthu wokhala ku Matero kapena ku Kanyama anali pansi pa nyumba ziwiri za malamulo. Malamulo a nyumba yace, citupa cace ndi sukulu ya ana ace anapangidwa m'Lusaka momwemo, m'Nyumba ya Malamulo ya Northern Rhodesia. Koma a cipatala, a positi, a asilikari ndi a msonkho wa katundu wolowa m'dziko anacokera ku Salisbury, mzinda umene dzina lace lero ndi Harare.

Kapangidwe kace kanali kotere. Nduna inabwera ndi cikalata ca lamulo m'Nyumba ya Malamulo ya Citaganya, ndipo cinawerengedwa katatu, aphungu nakambirana. Atacivomereza, Bwanamkubwa wa Citaganya anasainapo m'dzina la Mfumukazi. Pamenepo lamulo linasindikizidwa ndi kulengezedwa m'Gazeti ya Boma, lili ndi nambala ndi caka cace. Malamulo ang'onoang'ono onena za kayendetsedwe ka nchito anakonzedwa ndi nduna mwa mphamvu imene lamulo lalikulu linapereka, ndipo iwonso anaturuka m'Gazeti.

Tsono mau a anthu akuda anali ocepa m'Nyumbayo. Mwa aphungu 35 oyamba, akuda anali 6 okha, awiri m'dziko lililonse. A Northern Rhodesia anali Dauti Yamba ndi Mateyo Kakumbi. Panali bungwe la African Affairs Board, loyenera kutumiza ku London lamulo lililonse lokondera Azungu. M'caka ca 1957 bungweli linatsutsa lamulo lokulitsa Nyumbayo kufika pa aphungu 59, koma boma la Britain linalivomereza ndithu. Apa anthu anakumbukira cifukwa cace Harry Nkumbula anatentha poyera cikalata ca Citaganya m'Lusaka m'caka ca 1953.

Bvuto lina linali cinenero. Gazeti inalembedwa m'Cingerezi, ndipo ambiri a ku Kalingalinga ndi ku George sanaione konse. Anamva za lamulo latsopano kwa kalaliki kapena kwa wapolisi, ena atafika kale pa bwalo la milandu, pamene kusadziwa lamulo sikupulumutsa munthu.

Citaganya cinatha pa 31 December 1963, koma malamulo ace ambiri anatsala, ndipo Zambia inawalandira pa ufulu m'caka ca 1964, niyamba kuwasintha pang'onopang'ono. Wofuna kuwalondola ayambe wapeza dzina la lamulo, nambala ndi caka, kenaka afufuze m'Magazeti a zaka zotsatira ngati linasinthidwa kapena kufafanizidwa. Mabuku otere asungidwa ku National Archives m'Lusaka, ndipo makalata ambiri a boma la Citaganya ali ku Harare. Nchito yace ndi yocedwa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mnyamata kapena mtsikana woturuka sukulu amene aiphunzira akhoza kuwerenga yekha cimene makolo ace anangouzidwa.