Mpando wa Ziyankhulo Zathu pa Yunivesite: Mbiri ya Ndondomeko za Maphunziro Apamwamba Kum'mwera ndi Pakati pa Africa

1. Mawu Otsogolera

Tikasonkhana pa msonkhano wonga uno, mwambo wathu ndi kukamba za ziyankhulo zenizenizo: magulu a mayina, aneni ndi misintho yawo, kalembedwe ndi katchulidwe. Si kawirikawiri kuti tidzifunse kuti kodi mipando imene timakhalapo m'mayunivesite idaikidwa ndi yani, ndipo idaikidwiranji. M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya mipando imeneyi kuyambira m'nthawi ya atsamunda. Mfundo yathu ndi yakuti nthawi iliyonse imene maphunziro a ziyankhulo zathu adakula kapena kufota, gwero lake nthawi zambiri lidali ndondomeko yokonzedwa kutali, ku London, ku New York kapena ku Washington, ndipo mwini ndalama ndiye ankasankha funso loti lifufuzidwe. Zitsanzo zambiri tazitenga ku Chichewa kapena kuti Chinyanja, popeza chimayankhulidwa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, motero chidalawa ndondomeko za maboma atatu osiyana.

2. Nthawi ya Atsamunda

Ntchito yolemba ziyankhulo zathu siidayambire pa yunivesite. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre adasindikiza dikishonale yake ya Chimang'anja mu 1892, ndipo Alexander Hetherwick adaikonzanso nkuitulutsa mu 1929. Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu mu 1922. Mayunivesite adalowa pa ntchitoyi pambuyo, ndipo adalowa pofuna kuthandiza maboma a ku Ulaya. Mu 1909 Carl Meinhof adapatsidwa mpando wa ziyankhulo za mu Africa ku Hamburg, pa sukulu imene idakhazikitsidwa kuti iziphunzitsa anthu okagwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Germany. Ku London sukulu imene lero timaidziwa kuti SOAS idakhazikitsidwa mu 1916, ndipo amene ankaphunzitsa ziyankhulo za Chibantu kumeneko adali Alice Werner, mayi amene adakhalako ku mishoni ya Blantyre m'zaka za m'ma 1890. Ophunzira ake ambiri adali Azungu okonzekera ubwanamkubwa, udisi kapena ntchito ya mishoni.

Kuno ku chigawo chathu mpando woyamba udaikidwa ku Cape Town mu 1921, ndipo mu 1923 Clement Doke, amene adagwirapo ntchito ya mishoni pakati pa Alamba ku Northern Rhodesia, adayamba kuphunzitsa ku Witwatersrand. Doke yemweyu ndiye adaitanidwa ndi boma la Southern Rhodesia kuti akaunike ziyankhulo za Chishona, mothandizidwa ndi ndalama za bungwe la Carnegie la ku America. Lipoti lake la mu 1931 ndilo lidakhala maziko a Chishona cholembedwa. Nakonso ku Chicago, Mark Hanna Watkins adalemba galamala ya Chichewa imene idasindikizidwa mu 1937, ndipo womuuza mawu adali wophunzira wina wochokera ku Kasungu, dzina lake Kamuzu Banda.

Sitikunyoza ntchito ya anthu awa. Mpaka lero timaigwiritsa ntchito. Koma tione kagawidwe ka maudindo: mwini chiyankhulo ankapereka mawu, mlendo nkumalemba buku, ndipo bukulo linkalembedwa m'Chingerezi kapena m'Chijeremani kuti awerenge alendo anzake.

3. Makoleji a Asquith

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, boma la Britain lidasankha komiti ya Asquith kuti iunike za maphunziro apamwamba m'maiko amene linkalamulira. Lipoti lake la mu 1945 lidabala makoleji a Ibadan ndi Gold Coast mu 1948, lidakweza Makerere mu 1949, ndipo mwa njira yomweyo padadzabadwa koleji ya Rhodesia ndi Nyasaland ku Salisbury, imene idalandira chikalata chake mu 1955 nkuyamba kuphunzitsa mu 1957. Makoleji onsewa adamangiriridwa ku Yunivesite ya London: silabasi inkavomerezedwa ku London, mayeso ankaunikidwa ndi a ku London, ndipo digiri idali ya London. Cholinga chidali chakuti digiri ya ku Ibadan kapena ku Salisbury isapepuke poiyerekeza ndi ya ku England. Cholinga chimenechi chidakwaniritsidwa ndithu, koma mtengo wake udali wakuti phunziro lililonse limene London sinkaliwerengera kwambiri linkavutika kupeza malo.

Pa nthawi yomweyo, lipoti la Scarbrough la mu 1947 lidachititsa kuti boma la Britain lipereke ndalama zokulitsira maphunziro a za Asia ndi Africa m'mayunivesite a ku Britain komweko. Motero kafukufuku wa Chibantu adakula ku London kuposa ku Africa. Malcolm Guthrie adatulutsa kagawidwe kake ka ziyankhulo za Chibantu mu 1948, ndipo zilembo ndi manambala ake, monga N.31 ya Chinyanja, tikuzigwiritsabe ntchito. Ku Salisbury dipatimenti ya ziyankhulo za mu Africa idayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 pansi pa George Fortune, amene adachokera ku Cape Town. Koma kolejiyo idali ya chitaganya chimene anthu a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia ankadana nacho, ndipo chitaganyacho chitatha mu 1963, mphamvu za dipatimentiyo zidatsalira pa Chishona ndi Chindebele. Kum'mwera nako, lamulo la South Africa la mu 1959 lidagawa mayunivesite potsata khungu ndi mtundu, kotero kuti ophunzira ambiri achikuda adayamba kukayikira phunziro la ziyankhulo zawo, poliona ngati chida cha tsankho.

4. Mayunivesite a Ufulu

Mu 1962 bungwe la UNESCO lidachititsa msonkhano wa maphunziro apamwamba a mu Africa ku Tananarive, kumene nthumwi zidagwirizana kuti yunivesite iyenera kutumikira chitukuko cha dziko lake, ndi kuti aphunzitsi ndi maphunziro omwe akhale a mu Africa. Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964 pambuyo pa kauniuni wa bungwe la American Council on Education, ndipo idayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965 ndi ophunzira 90. Yunivesite ya Zambia idatsata lipoti la Lockwood la mu 1963 nkutsekula zitseko mu 1966. Chimene maboma atsopano ankafuna msanga ndi anthu olowa m'malo mwa Azungu: aphunzitsi a sekondale, akuluakulu a m'maofesi, alangizi a zaulimi. Ntchito zonsezi zinkayenda m'Chingerezi, ndipo Zambia idafika pokhazikitsa, m'lamulo la maphunziro la mu 1966, kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba.

Kafukufuku wamkulu wa ziyankhulo m'zaka zimenezi adalipiridwanso ndi alendo. Bungwe la Ford Foundation lidapereka ndalama zounikira kagwiritsidwe ntchito ndi kaphunzitsidwe ka ziyankhulo m'maiko asanu: Uganda, Ethiopia, Kenya, Tanzania ndi Zambia. Buku la Zambia, lokonzedwa ndi Sirarpi Ohannessian ndi Mubanga Kashoki, lidatuluka mu 1978. Malawi sadali m'gulu la maikowa.

Ku Malawi nkhani idayenda mwa njira ina. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 udagamula kuti chiyankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chichewa, ndi kuti chikhale chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mu 1972 boma lidakhazikitsa Bungwe la Chichewa, limene lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, nkuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. M'zaka za m'ma 1970 ku Chancellor College kudayambanso dipatimenti ya Chichewa ndi sayansi ya ziyankhulo. Pano ndalama zidali za dziko lomwelo, koma funso silidali m'manja mwa ofufuza. Mtsogoleri wa dziko, yemwe uja adali wouza mawu wa Watkins, ankadzudzula poyera Chichewa chimene iye ankachiona cholakwika, ndipo katswiri wa pa yunivesite sakadalimba mtima kutsutsa kapena kufufuza momasuka za Chitumbuka, Chiyao ndi Chilomwe.

Chotsatira chimodzi cha zaka zimenezi chikutivutitsabe. Zambia idasunga dzina la Chinyanja ndipo idatulutsa kalembedwe kake kovomerezeka ka ziyankhulo zisanu ndi ziwiri mu 1977. Mozambique, kudzera m'gulu la ofufuza la NELIMO pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane, idachita msonkhano wake woyamba wa kalembedwe mu 1988. Motero mwana wa ku Mchinji, wa ku Chipata ndi wa ku Angonia, amene agogo awo amamvana popanda womasulira, adapatsidwa malamulo atatu a kalembedwe, chifukwa yunivesite iliyonse idamangidwa kuti iyang'ane ku likulu la dziko lake ndi kutsidya kwa nyanja, osati kwa mnansi wake.

5. Zaka za Kuchepa kwa Chuma

Pofika m'zaka za m'ma 1980 chuma cha maiko athu chidalowa pansi, ndipo maboma adapita kukakongola ku World Bank ndi IMF. Akatswiri a zachuma a World Bank, motsogozedwa ndi mawerengero a George Psacharopoulos, ankati ndalama yoikidwa ku pulayimale imabweza phindu lalikulu kwa dziko kuposa yoikidwa ku yunivesite. Lipoti la bankiyo la mu 1988 lokhudza maphunziro kum'mwera kwa Sahara lidalimbikitsa maboma kuchepetsa ndalama zowonongedwa pa wophunzira aliyense wa pa yunivesite ndi kusenzetsa makolo gawo la mtolowo. Malaibulale adaleka kulandira magazini a kafukufuku, malipiro a aphunzitsi adadyedwa ndi kukwera kwa mitengo, ndipo phunziro lopanda wolipirira wakunja, monga lathuli, lidali loyamba kumva njala.

Ofufuza sadakhale manja lende. Mu 1984 adakhazikitsa LASU, bungwe la akatswiri a ziyankhulo a m'mayunivesite a SADCC, pofuna kuti aziwerengana okhaokha. Koma ndale nazo zidaluma: Jack Mapanje, katswiri wa ziyankhulo ndi mlakatuli wa ku Chancellor College, adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 kufika 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ena adasamukira kunja. Chodabwitsa nchakuti m'zaka zomwezi Chichewa chidatchuka kwambiri pa dziko lonse. Nkhani ya Joan Bresnan ndi Sam Mchombo ya mu 1987 yokhudza agwirizanitsi ndi alowam'malo, ndi ya Bresnan ndi Jonni Kanerva ya mu 1989 yokhudza mayina a malo okhala ngati eninkhani, zidachititsa kuti ziganizo za Chichewa zizikambidwa m'makalasi a galamala ku America ndi ku Ulaya. Pamenepo nkuti mphunzitsi wa ku Dedza alibe ngakhale dikishonale imodzi yotanthauzira Chichewa m'Chichewa. Buku lotere, Mtanthauziramawu wa Chinyanja, lidatuluka mu 2000, patapita zaka 108 chitulukire dikishonale ya Scott, ndipo lidakonzedwa ndi Centre for Language Studies, imene idalowa m'malo mwa Bungwe la Chichewa mu 1996.

Tisathamangire kunena kuti ndalama yakunja ndi yoipa. Ntchito ya ALLEX, imene idayamba mu 1992 pakati pa mayunivesite a Zimbabwe, Oslo ndi Gothenburg, idabala Duramazwi reChiShona mu 1996 ndi Isichazamazwi SesiNdebele mu 2001, idaphunzitsa akatswiri a ku Zimbabwe mpaka digiri ya udokotala, ndipo idasiya nthambi yokhazikika ya kafukufuku pa yunivesiteyo mu 2000. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chidasiyanitsa ntchito iyi ndi zam'mbuyo nchakuti wometedwa ndiye adanena kametedwe: funso lidachokera ku Harare, ndipo mabuku adalembedwera eni ziyankhulo.

6. Mawu Omaliza

Mu 2000 gulu la akatswiri losankhidwa ndi World Bank ndi UNESCO lidavomereza kuti kunyalanyaza maphunziro apamwamba kudali kulakwitsa. Chiyambire pamenepo mayunivesite achuluka, koma muyeso wa kunja wabweranso mwa maonekedwe ena: m'mayunivesite ambiri mphunzitsi amakwezedwa potengera nkhani zimene wasindikiza m'magazini odziwika pa dziko lonse, ndipo magazini otere pafupifupi onse ndi a Chingerezi. Ndondomeko za maboma nazo zimatsutsana. Mu 2014 Zambia idayamba kuphunzitsa makalasi anayi oyamba m'ziyankhulo za m'madera, Malawi chaka chomwecho idalengeza Chingerezi kuyambira Sitandade 1 potsata lamulo la mu 2013, pamene Yunivesite ya KwaZulu-Natal idalamula kuti ophunzira ake atsopano aziphunzira Chizulu.

Poona mbiri yonseyi, tikupempha bungwe lathu zinthu zitatu. Choyamba, likakamize makomiti okweza aphunzitsi kuti dikishonale, galamala ya m'sukulu ndi nkhani yolembedwa m'chiyankhulo cha mu Africa ziziwerengedwa ngati kafukufuku wathunthu. Chachiwiri, madipatimenti a maiko ogawana chiyankhulo chimodzi, monga a ku Zomba, Lusaka ndi Maputo, azisinthana oyesa mayeso ndi oyang'anira kafukufuku, kuti mgwirizano wa kalembedwe umene bungwe la CASAS lidayambitsa ufike m'mabuku a ana. Chachitatu, pa mgwirizano uliwonse ndi yunivesite yakunja, tizilemba poyera kuti mawu ojambulidwa adzasungidwa kuti, adzaphunzitsidwa ndani, ndipo nchiyani chidzasindikizidwe m'chiyankhulo chimene chikufufuzidwacho. Zitatuzi sizidikira lipoti la komiti yakunja; zili m'manja mwa mabungwe oyendetsa mayunivesite athu, mmene ambiri a ife timakhalamo.