Zizindikiro za timing pa injini: kuziwerenga ndi kuzitchera

Galimoto zambiri zoyenda pakati pa Mzimba boma, Manyamula ndi Embangweni n'zogwiritsidwapo kale ntchito, zochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam kapena zobwera ndi anthu ogwira ntchito ku South Africa. Injini zoterezi zimatsegulidwa kawirikawiri, ndipo zikatsekedwa, mphamvu yake imadalira tizizindikiro ting'onoting'ono tomwe amakaniko amatitchula kuti timing marks.

Ntchito ya zizindikirozi

Injini ya masitepe anayi, yomwe Nikolaus Otto wa ku Germany adapanga m'chaka cha 1876, imakoka mpweya, kuupanikiza, kuutentha ndi mafuta, kenaka n'kutulutsa utsi. Crankshaft, yomwe imazunguzidwa ndi mapisitoni, imazungulira kawiri (madigiri 720) pomwe camshaft, yotsegula mavalavu, yazungulira kamodzi. Lamba wamano kapena tcheni ndiye amalumikiza ziwirizi.

Zizindikiro zimaonetsa pomwe pisitoni yoyamba yafika pamwamba penipeni, malo otchedwa TDC. Pa injini za Toyota za 4A-FE ndi 5A-FE, zopezeka mu Corolla zakale, kamzere ka pa pulley ya crankshaft kamalunjika pa 0, ndipo kabowo ka pa giya ya camshaft kamayang'anizana ndi chizindikiro cha kumbuyo kwake. Pa injini za dizilo monga 3L ndi 5L za minibasi za Hiace, pampu ya mafuta nayo ili ndi chizindikiro chake.

Kulakwitsa ndi dzino limodzi si nkhani yaing'ono. Pa giya ya mano 40, dzino limodzi ndi madigiri 9 a camshaft, omwe ndi madigiri 18 a crankshaft. Galimoto imafooka pa chitunda, imadya mafuta ambiri, ndipo pa injini zina, makamaka za dizilo, pisitoni imagunda mavalavu n'kuwapinda.

Giya yotcherera

Giya wamba imasunthika ndi dzino lathunthu basi. Giya yotcherera, yomwe ena amaitcha vernier pulley potengera dzina la Pierre Vernier wa ku France, ili ndi mbali ziwiri: mkombero wamano womwe umagwira lamba, ndi chapakati chomangirira ku camshaft. Mabauti olumikiza mbalizi amakhala m'mabowo otalika, choncho akamasulidwa chapakati chimasuntha pang'ono lamba osachotsedwa.

Pa giyayo pamakhala timizere toyambira pa 0. Mbali ina imafulumizitsa mavalavu (advance), ina imawachedwetsa (retard). Makampani amasiyana pa kawerengedwe: ena kamzere kamodzi amati ndi digiri imodzi ya camshaft, ena amawerenga za crankshaft. Digiri imodzi ya camshaft ndi madigiri awiri a crankshaft, ndipo osazindikira izi amasuntha kowirikiza kawiri kuposa mmene amafunira.

Kufulumizitsa pang'ono kumawonjezera mphamvu injini ikamazungulira pang'onopang'ono, zomwe zimathandiza galimoto yonyamula katundu m'misewu yafumbi. Kuchedwetsa kumasamutsira mphamvuyo ku liwiro lalikulu. Giyayi imathandizanso injini yomwe idatentha kwambiri, head yake n'kupalidwa: camshaft imayandikira ku crankshaft, timing n'kuchedwa, ndipo giya yotcherera imabwezeretsa madigiri otayikawo.

Katcheredwe kake

Makaniko amayamba wachotsa waya wa batire ndi mapulagi. Amazunguza crankshaft ndi sipanala, kulowera komwe injini imazungulira, mpaka pisitoni yoyamba ifike pa TDC mavalavu ake onse atatsekeka. Popeza pulley yakale itha kunamiza, odziwa ntchito amatsimikiza ndi degree wheel komanso dial gauge.

Giya imamangidwa ili pa 0. Kenaka mabauti amamasulidwa osawachotsa, chapakati n'kusunthidwa madigiri awiri okha a crankshaft nthawi imodzi. Kuchisunthira komwe camshaft imazungulira ndiko kufulumizitsa. Mabauti amamangidwa ndi torque wrench pa mlingo wolembedwa ndi kampani.

Asanalize injini, makaniko amaizunguza pamanja kawiri. Ikalimba penapake saikakamiza, chifukwa mwina valavu yakhudza pisitoni. Ngati distributor imayendetsedwa ndi camshaft, moto wa mapulagi umasunthanso, choncho umayenera kupimidwa ndi timing light.

Si injini zonse

Injini ya 1NZ-FE, yopezeka mu Probox ndi Sienta, imagwiritsa ntchito tcheni chokhala ndi mfundo zautoto zomwe zimalunjikitsidwa pa zizindikiro za magiya. Ilinso ndi VVT-i, njira yomwe kompyuta imasuntha yokha timing ya mavalavu olowetsa mpweya, motero giya yotcherera siifunika.

Kwa eni galimoto zalamba, chachikulu ndi kusintha lambayo pa nthawi yake. Pa Hiace zambiri za dizilo, nyali yolembedwa T-BELT imayaka galimoto ikayenda makilomita 100,000. Mwini galimoto ali ndi ufulu wopempha makaniko kuti amuonetse zizindikiro zonse zitalunjika chivundikiro chisanatsekedwe.