Amayi Aphunzitsi ndi Mpira wa Ntchemberembaye

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Blantyre kulowera ku Zalewa, akapitirira Lirangwe nayandikira Mdeka, amaona mabwalo awiri pa masukulu ambiri. Lalikulu ndi la anyamata. Laling'onolo, limene udzu unaleka kumera chifukwa cha mapazi, lili ndi mitengo iwiri, uliwonse ndi chitsulo chozungulira pamwamba pake. Limeneli ndilo bwalo la ntchemberembaye.

Pa maliro a mayi mphunzitsi timamva za ana amene anabereka nawalera, za makalasi amene anaphunzitsa, ndi za kwaya imene ankayimbamo. Kawirikawiri wolankhula amaiwala bwalo ili, ngakhale malemuwo anathamangapo mpaka imvi zitamera. Ife tiyesa kuti kumeneku nkulakwa, pakuti mbiri ya masewerawa, kuyambira pa chiyambi pake, ndi mbiri ya amayi aphunzitsi.

Mu 1891 James Naismith, mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi mumzinda wa Springfield ku America, anayambitsa mpira woponyera m'dengu. Pasanapite zaka zambiri mpirawo unafika ku England, pa sukulu ya Mayi Martina Bergman-Österberg, mbadwa ya ku Sweden, amene ankakonzekeretsa atsikana ntchito yophunzitsa masewera. Sukuluyo inali ku Hampstead, ndipo inasamukira ku Dartford mu 1895. Atsikana aja sanaulandire mpirawo monga unabwerera. Anachotsa dengu naikapo chitsulo ndi ukonde, bwalo analigawa patatu, mpaka anatuluka masewera ena atsopano. Malamulo ake oyamba anasindikizidwa mu 1901 ndi bungwe la aphunzitsi lotchedwa Ling Association.

Chaka chomwecho cha 1901 ansembe a Montfort anafika pa Nzama, ndipo mu 1904 masisitere a Daughters of Wisdom anawatsatira. Anthu a ku Scotland anali atakhazikika kale pa Blantyre kuyambira 1876. Mu 1925 Ambuye Louis Auneau anayambitsa chipani cha masisitere a kuno kwathu, Atumiki a Maria Virgo Woyera, ndipo ambiri a iwo anagwira choko. M'maiko olamulidwa ndi Britain mpira umenewu unayenda makamaka njira ya sukulu: mtsikana amene anausewera pa sukulu yogonera komweko ankautenga pamodzi ndi mabuku ake pokayamba ntchito kumudzi.

Dzina limene tinaupatsa nalo lili ndi mawu. Ntchembere si mtsikana, koma mayi amene anaberekapo. Anthu akamafuula kuti ntchembere ibaye, ndiye kuti anavomereza kale kuti mayi wa ana angathe kulumpha ndi kumwetsa chigoli pamaso pa mudzi wonse. Sichinali chinthu chapafupi. Kuyambira 1973 mpaka 1993 panali lamulo loletsa amayi kuvala mabuluku ndi zovala zosafika m'mawondo, ndipo lamulolo lingatikumbutse maso amene anthu ankayang'anira nawo mkazi pagulu. Mayi mphunzitsi wokwatiwa, womanga chitenje mwamphamvu ndi kulowa m'bwalo, mluzu uli pakamwa, ankadziwa kuti apongozi ake amva dzuwa lisanalowe.

Chimene chinathandiza nchakuti mpirawu sulira zambiri. Mitengo iwiri, zitsulo ziwiri, phulusa lolembera mizere, ndipo mpira weniweni ukaphulika, wachikulunga ulipo. Koma m'malamulo ake muli china chimene tiyenera kuchilingalira bwino. Wosewera saloledwa kuthamanga ndi mpira, ndipo sangaugwire kupitirira masekondi atatu. Aliyense mwa osewera asanu ndi awiri ali ndi chigawo chake chimene sangachibzole. Kotero palibe katswiri amene angautenge mpira yekha kuchoka kuno kukafika uko. Mphunzitsi asowa atsikana onse asanu ndi awiri, ndipo ayenera kuwawerenga tsiku lililonse lokonzekera. M'kalasi la ana 100 mtsikana mmodzi angasowe sabata ziwiri osadziwika. Pa bwalo, wotchinga kumbuyo akajomba kawiri, mphunzitsi amayamba kufunsa, ndipo nthawi zina amakafika pakhomo pa makolo, kumene apeza kuti mwanayo wapita ku ganyu kapena akumufunira banja. Tisaiwale kuti mpaka 1993 mtsikana wotenga pathupi ankachotsedwa sukulu osabwereranso. Wofika msanga pakhomo ndiye ankapulumutsa mwana.

Zonsezi mayiyo ankazichita atatha kale ntchito ziwiri. Asanalowe m'kalasi anali atatunga madzi ndi kuphikira ana phala. Poweruka, dzuwa la ku Mdeka lili paliwombo, kunyumba kunkamudikira mphika wa nsima ndi makope oti achonge. Malipiro a pa bwalo kunalibe. Ena ankasiya khanda pansi pa mtengo ndi mtsikana wodikira kulowa.

Zaka zoyambirira za m'ma 1990 zinawonjezera katundu. Mu Malichi 1992 Maepiskopi athu, m'kalata yawo ya nyengo ya Lenti, anadandaula poyera za kuthinana kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi ndi zipangizo. Mu Disembala 1993 gulu la Malaŵi Young Pioneers linathetsedwa, ndipo alangizi ake, amene ankaphunzitsa masewera m'masukulu, anachoka. Ntchitoyo inatsalira aphunzitsi wamba. Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Anthu zikwizikwi analembedwa uphunzitsi asanapite ku koleji. Pa nthawi yotere munthu akanakhululukira mphunzitsi aliyense wosiya bwalo kuti limere udzu, makamaka popeza masewera sanali pa mayeso a Sitandade 8. Ena anasiyadi. Ambiri sanasiye.

Zipatso zake dziko linaziona kutali ndi Chileka ndi Lirangwe. Mpikisano wa dziko lonse unayamba mu 1963 ku Eastbourne, koma Malaŵi anakalowa koyamba mu 1995 ku Birmingham, nathera pa nambala 8. Mu 2007 ku Auckland a Queens anakhala a nambala 5 atagonjetsa South Africa. Woponya zigoli wawo, Mayi Mary Waya, obadwa mu 1968, anali ndi zaka 39. Mu 2010 anaseweranso ku Delhi ali ndi zaka 42, ndipo pambuyo pake anaphunzitsapo timu ya dzikoyo. Amene ankati mpira ndi wa ana anasowa chonena.

Mayina a amayi amene anayamba kuwagwiritsa mpira atsikana otere sanalembedwe m'nyuzipepala. Ali m'mabuku akale a mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, ngati chiswe chinawasiya, ndiponso m'mitu ya agogo amene lero akugulitsa tomato pa msika wa Mdeka, amene angakuuzeni malo amene ankasewera ndi mphunzitsi amene anawaika pamenepo. Mwawi Kumwenda, wobadwa mu 1989, anakulira kumudzi ku Mzimba, kutali ndi mabwalo a simenti. Mu 2015 ku Sydney anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse, ndipo mu 2018 ku Gold Coast iye ndi anzake anagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53.