Kodachrome: Filimu Inatha, Nyimbo Inatsala

M'chaka cha 1917, anyamata awiri a ku New York analowa m'nyumba yoonetsera kanema kukaona filimu yotchedwa Our Navy, imene otsatsa ankati ili ndi mitundu yeniyeni ngati mmene diso limaonera. Anatulukamo atakhumudwa, chifukwa mitunduyo inali yosalongosoka. Anyamatawa anali Leopold Mannes ndi Leopold Godowsky. Onse awiri anabadwira m'mabanja a oimba otchuka, ndipo nawonso atakula anakhala oimba: Mannes ankaimba piyano, Godowsky vayolini. Koma chimene anaona tsiku lija chinawakhala pamtima. Kwa zaka zambiri, akaweruka ku zoimbaimba, ankadzitsekera m'zipinda za kunyumba kwa makolo awo n'kumasakaniza mankhwala, kufuna njira yogwirira mitundu ya dziko pa filimu imodzi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kampani ya Eastman Kodak inawaitanira ku Rochester, kumpoto kwa chigawo cha New York, kumene kunali mafakitale ake. Kampaniyi inali itazolowera kale kuchita malonda mwa njira yakeyake. Mwini wake, George Eastman, anatulutsa kamera ya Kodak mu 1888 ili kale ndi filimu yokwana zithunzi 100 m'kati. Munthu akamaliza kujambula ankatumiza kamera yonseyo ku fakitale, ndipo inkabwerako ndi zithunzi zotsukatsuka pamodzi ndi filimu yatsopano. Mu 1900 anatulutsa kakamera ka Brownie, ka dola imodzi, kuti ngakhale mwana azitha kujambula. Wogula ntchito yake inali kudina basi. Zovuta zonse zinali za anthu ena kutali.

Ku Rochester kumakambidwa nkhani imene ine ndimaikonda kuposa zonse za anthu awiriwa. M'chipinda chotsukira filimu mumafunika mdima wandiweyani, moti wotchi sioneka. Tsono iwo ankayeza nthawi poimba mluzu, kutsata gawo lomaliza la simfone yoyamba ya Brahms, mosafulumira komanso mosachedwa, monga anthu amene anakulira m'nyimbo. Mu 1935 ntchito yawo inafika pamsika ndi dzina loti Kodachrome, poyamba ngati filimu ya kanema ya mamilimita 16. Chaka chotsatira inatuluka ya mamilimita 8, ndi ya mamilimita 35 yoika m'kamera wamba.

Kuti timvetse kukongola kwake, komanso imfa yake, tiyenera kudziwa mmene inkagwirira ntchito. Filimu zina zamitundu zimakhala ndi mankhwala otulutsa utoto m'kati mwake momwemo. Kodachrome inalibe. Ikamatuluka m'kamera inali ngati filimu yakuda ndi yoyera, ya magawo atatu opyapyala osanjikizana: lina lomva kuwala kwa buluu, lina kobiriwira, lina kofiira. Utoto unkalowetsedwa pa nthawi yotsuka, gawo lililonse palokhapalokha, potsata ndondomeko yaitali yofuna makina akuluakulu ndi akatswiri oyang'anira mankhwala. N'chifukwa chake zithunzi zake zinkaoneka bwino mpaka tsitsi limodzilimodzi, zofiira zili psuu, thambo lili mbee. N'chifukwa chakenso munthu sakanatha kuitsuka kunyumba kapena m'kasitolo ka m'tauni. Inalinso filimu yokonda dzuwa: ya masiku oyambirira inkafuna kuwala kochuluka, ndipo ngakhale Kodachrome 25 ndi 64, zimene zinabwera mu 1974, zinkasangalatsa kwambiri kunja kukawala.

Choncho kujambula ndi Kodachrome kunkayendera limodzi ndi positi ofesi. Mtengo wa filimu unkaphatikiza kale ndalama yotsukira, ndipo m'bokosi mwake munkakhala kaenvulopu. Ku America boma linaletsa kachitidwe aka mu 1954, ponena kuti kakupondereza makampani ena, koma m'mayiko ambiri kanapitirira. Ukamaliza zithunzi zako 36, unkaika mpukutuwo m'kaenvulopu kaja, n'kutumiza, n'kuyamba kudikira. Pakapita masiku kunkabwera kabokosi kachikasu kodzaza ndi tizithunzi ting'onoting'ono toonekera kuwala, chilichonse chili m'kafelemu kake. Madzulo banja linkazimitsa nyali, kupachika nsalu yoyera kukhoma, kuyatsa pulojekita, ndipo ulendo wa mwezi watha unkabwereranso m'chipinda, waukulu kuposa mmene unalili.

Filimuyi inaona zambiri za m'zaka za m'ma 1900. Magazini ya National Geographic inaidalira kwa zaka zochuluka, ndipo anthu ake atafika ku chigwa china cha miyala yofiira ku Utah mu 1948, anachitcha dzina la filimuyo. Lero malowa ndi Kodachrome Basin State Park. Pa 22 November 1963, Abraham Zapruder, mwini kampani yosoka zovala ku Dallas, anaima pamsewu ndi kakamera kake ka kanema kuti ajambule Pulezidenti John F. Kennedy akudutsa, ndipo kuphedwa kwa mtsogoleriyo kunatsalira pa Kodachrome. Mu 1984 Steve McCurry anajambula mtsikana wa ku Afghanistan mu msasa wa othawa nkhondo ku Pakistan, ndipo maso ake obiriwira, atatuluka pachikuto cha National Geographic mu June 1985, anayang'ana dziko lonse.

Nyimbo inabwera filimuyi ili pachimake. Mu 1973 Paul Simon, atasiyana kale ndi mnzake Art Garfunkel, anatulutsa chimbale cha There Goes Rhymin' Simon, ndipo nyimbo yotsegulira inali Kodachrome. Anakaijambulira ku Muscle Shoals, ku Alabama, ndi oimba a kumeneko amene ankadziwika ndi kuimbira akatswiri a nyimbo za soul. Inafika pa nambala 2 pa mndandanda wa Billboard. Kampani ya Kodak inaonetsetsa kuti pachimbalepo palembedwe kuti dzinalo ndi lake, ndipo ku Britain wailesi ya BBC inkapewa nyimbo zotchula mayina a katundu wamalonda, choncho kumeneko sinamveke monga ku America.

Ukaimva koyamba umati ndi nyimbo yachisangalalo chokhachokha: gitala wopepuka, piyano wothamanga kumapeto, mwendo umangogunda pansi wokha. Koma mvetserani bwino zimene munthuyo akunena. Akukumbukira sukulu imene sinamuphunzitse zenizeni, akukumbukira atsikana amene anawadziwa ali mnyamata, ndipo akuvomera kuti atati awasonkhanitse lero, sangafanane ndi mmene mtima wake unawakongoletsera. Filimu akuikonda chifukwa imachita zomwezo: imatenga tsiku wamba n'kulipaka dzuwa. Kenaka akuchonderera amayi ake kuti asamulande. Iyi ndi nyimbo ya munthu amene akudziwa kuti kukumbukira kumawonjezera mitundu, koma sakufuna kuti wina amuchotsere. Simon mwiniwake sanakhazikike pa maganizo amodzi. Pa chimbale, nyimboyo imanyoza zithunzi zakuda ndi zoyera. Pa konsati ya ku Central Park mu 1981 anasintha mawuwo n'kuziyamikira. Ambiri a kuno tinamudziwa bamboyu mochedwerapo, kudzera m'chimbale cha Graceland cha 1986 ndi konsati ya ku bwalo la Rufaro ku Harare mu 1987, pamene anaimba ndi Miriam Makeba, Hugh Masekela ndi Ladysmith Black Mambazo. Ine nyimbo ya Kodachrome ndinaimva pambuyo pa zonsezo, ndipo inandikhudza ngakhale filimuyo ndinali ndisanaigwirepo.

Kwathu Kodachrome sinali ya munthu wamba. Inkafuna kamera yodula, pulojekita, magetsi, ndi ndalama ya positi yopita kutali. Inkayenda m'zikwama za alendo, amishoni ndi ogwira ntchito ochokera kunja. Ife tinali ndi wojambula wapanjinga, kamera ili lende m'khosi, amene ankafika pa Khirisimasi, pa ukwati, kapena Lamulungu anthu akutuluka m'tchalitchi. Amayi ankatidzoza mafuta mpaka nkhope kunyezimira, ankatiika pamzere kutsogolo kwa maluwa, n'kutiuza kuti tisaphethire. Unkalipira theka, theka lina chithunzi chikabwera. Ndipo sichinkabwera msanga, chifukwa wojambulayo ankayenera kudikira kuti filimu idzaze, kenaka akwere basi kukatsukitsa kutauni. Nthawi zina ankabwera wamanyazi n'kunena kuti yapsa, ndipo tsikulo linkatayika ndi zovala zake zonse. M'tauni munali masitudiyo okhala ndi nsalu yojambulidwa nyumba zosanja kumbuyo, maluwa apulasitiki, ndi wailesi yoti uigwire ngati yako. Amalume amene anapita ku migodi ya ku Joni ankatumiza chithunzi atavala suti, ndipo agogo ankachisunga m'Baibulo.

Mitundu ya filimu inali yosiyana, koma ntchitoyo inali imodzi. Ku Kansas ku America kapena ku Kasungu, chithunzi sichinali cha munthu mmodzi. Panali wopanga filimu, wogulitsa, wojambula, wonyamula, wotsuka amene sunamuonepo koma anagwira nkhope ya amayi ako m'manja mwake. Chithunzi chinkadutsa m'manja ambiri, chinkadya ndalama, ndiponso chinkatha kulephereka. Choncho chikafika chinkalandiridwa ngati mlendo.

Chimene chinapha Kodachrome chinabadwira m'nyumba mwa Kodak momwemo. Mu 1975 injiniya wachinyamata wa kampaniyo, Steven Sasson, anapanga kamera yosafuna filimu, imene inkatenga masekondi 23 kusunga chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera pa kaseti. Akuluakulu sanathamangire nacho, chifukwa phindu lawo linali m'filimu, m'mapepala ndi m'mankhwala. Mu 1990 kampani ya Fuji ya ku Japan inatulutsa Velvia, ya mitundu yowala kwambiri komanso yotheka kutsukidwa m'malo ambiri tsiku lomwelo, ndipo akatswiri ambiri anasamukira kumeneko. Kenaka anabwera makamera a digito, pambuyo pake mafoni. Malo otsukira Kodachrome anayamba kutsekedwa amodziamodzi. A ku Lausanne, ku Switzerland, amene ankathandiza anthu a ku Ulaya, anatsekedwa mu 2006. Pa 22 June 2009 Kodak inalengeza kuti yasiya kupanga filimuyi patatha zaka 74, ponena kuti malonda ake sankafikanso ngakhale gawo limodzi pa magawo 100 a filimu zimene inkagulitsa.

Mpukutu womaliza kutuluka m'fakitale unaperekedwa kwa Steve McCurry. Anali ndi zithunzi 36 zokha, ndipo anazigawa mosamala: Robert De Niro ku New York, Amitabh Bachchan ndi abusa a mtundu wa Rabari ku India, kenaka manda a m'tauni yaing'ono ya Parsons, ku Kansas. Anathera ku Parsons chifukwa kumeneko kunali Dwayne's Photo, kampani ya banja limodzi imene inatsala yokha pa dziko lonse yotha kutsuka Kodachrome. Italengeza kuti isiya kulandira filimu pa 30 December 2010, mipukutu inasefukira kuchokera m'mayiko ambiri, ena kuifukula m'madirowa ndi m'mafiriji, ena kubwera nayo okha pa ndege. Makina anazimitsidwa mu January 2011. Mu January 2012 Kodak, imene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inkalemba ntchito anthu oposa 60,000 ku Rochester kokha, inapita kukhoti kukapempha chitetezo chifukwa cha ngongole.

Mipukutu ya Kodachrome yosatsuka ikadalipo m'nyumba za anthu, koma ili ngati chimanga cha m'mudzi umene chigayo chake chinatsekedwa. Amene angaipeze lero angathe kuitsukitsa ngati yakuda ndi yoyera basi. Nkhope zituluka, mitundu ayi. Munthu wa m'nyimbo ya Simon ankaopa amayi ake, koma sanali mayi kapena boma amene anatilanda filimuyi. Tinaisiya tokha, mmodzimmodzi, posankha chofulumira ndi chotsika mtengo. Sindikudzudzula aliyense pa ichi. Foni yapatsa mayi wa kumudzi mwayi woona mdzukulu wake wa ku Johannesburg tsiku lomwe wabadwa, ndipo palibe wojambula wapanjinga akanatha kuchita zimenezo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kusunga. Kodachrome ikakhala mumdima imasunga mitundu yake zaka zambirimbiri, moti zithunzi za m'ma 1940 zikuonekabe ngati zadzulo, ngakhale imasuluka msanga ikamaikidwa kawirikawiri pa kuwala kwa pulojekita. Zithunzi zathu za papepala zasuluka, zina chiswe chinadya, koma zambiri zikadalipo. Nanga zikwi za zithunzi zimene zinali m'foni imene inabedwa pa depoti, kapena m'kakhadi kamene kanakana kutseguka, zili kuti? Timajambula kwambiri kuposa makolo athu, koma tikhoza kusiyira ana zochepa kuposa zimene iwo anatisiyira.

Ndiye kupukwa filimu yakale kusathere pa kuimba nyimbo ya Paul Simon. Tulutsani alubamu ija m'sutikesi, mukhale pansi ndi azakhali akadali ndi moyo, akuuzeni kuti amene waima kumanzereyo ndani, unali ukwati wa yani, chinali chaka chanji, ndipo mulembe kuseri ndi pensulo. Pa zithunzi za m'foni za chaka chino, sankhani 36 zokha, mupite nazo kositudiyo akazisindikize papepala. Kodak sidzatichitiranso ntchito imeneyi, ndipo wojambula wapanjinga anagulitsa kamera yake kalekale. Ntchito yosankha ndi kusunga yatsala m'manja mwathu.