Tanthauzo la Mawu Akuti "Sasang"

Pakati pa mawu amene asing'anga a ku Korea amawatchula pamene munthu wonenepa wadza kudzapempha uphungu, pali mawu akuti "Sasang", amene m'chinenero chawo "sa" ndiye kuti zinayi, ndipo "sang" ndiye maonekedwe kapena chibadwa. Mwini chiphunzitso cha Sasang ndi Yi Je-ma, amene m'buku lake la chaka cha 1894, lotchedwa Dongui Suse Bowon, anagawa ana a anthu m'magulu anayi monga mwa mphamvu ya ziwalo zawo zam'kati: Taeyang, Taeeum, Soyang ndi Soeum.

Mwa anayiwa, amene amanenepa msanga ndi a Taeeum, pakuti, monga anenera asing'angawo, chiwindi chawo n'champhamvu posonkhanitsa chakudya, koma mapapo awo ngofooka potulutsa zotsalira m'thupi. Chifukwa chake amawalangiza kuti asadye mothamanga kapena kukhuta kopitirira, koma ayende ndi kugwira ntchito kufikira thukuta litatuluka, nadye nyemba, ndiwo zamasamba ndi mbewu ina yotchedwa yulmu. Koma wa Soeum, amene m'mimba mwake mumazizira ndipo sagaya bwino chakudya, akatsata malangizo omwewo, nadzitulutsa thukuta lambiri, amangolefuka. Iye, amatero asing'angawo, amayenera kudya zakudya zofunda, monga nkhuku ndi jinja.

Tsono pamene Mkorea anena "Sasang", atanthauza kuti chakudya chochiritsa wina chikhoza kudwalitsa mnzake, ndi kuti wofuna kuchepetsa thupi ayambe wadziwa chibadwa chake, asadzizunze ndi njala, popeza akulu anati kuthamanga sikufika.